Ngodya Yachinayi ya Ukonde

Nkhungu inatsika m'mapiri m'mawa umenewo n'kukhala pansi ngati yafika kwawo. Unali mwezi wozizira. Gervásio anali kudimba, akutsegulira madzi m'mizere ya kachewere, ndipo ankangoona khasu lake ndi mapazi ake basi. Choyamba kumufika chinali fungo, fungo la uchi wopserera. Kenako njuchi inatera padzanja lake. Sinamulume. Inkangoyenda pang'onopang'ono ngati yaledzera. Ina inatera paphewa, ina inagwera m'madzi. Anasiya khasu mumzere n'kuyamba kukwera mtunda.

Pamwamba pa mtundapo panali nyumba ya mlamu wake Caetano. Inali nyumba yosanja, yokhayo panjira yonse yopita ku Ntengo-Wambalame. Pansi ankasungamo matumba, makasu, motobomba yopopera madzi ndi mitolo ya udzu wofolera. M'mwamba munali zipinda ziwiri zoyala matabwa. China chinali cha kachewere wa mbewu, kuti aziwombedwa mphepo. M'chinacho munkakhala amayi ake a Caetano, a Nankhoma, amene anasankha okha kukwera kumeneko ponena kuti pansi pamadutsa anthu ambiri.

A Nankhoma anali apongozi a Gervásio.

Atafika anapeza chitseko cha pansi chili chotsegula, m'kati mukuwala mofiirira. Utsi unkatuluka n'kulowa m'nkhungu, moti sizinkadziwika pamene wathera utsi ndi pamene yayambira nkhungu. Caetano anali ataima ndi ndowa yopanda madzi, nsidze zitawauka. Mkazi wake Cristina ankabwera kuchokera kuchitsime ndi ndowa ina, madzi akutayikira m'njira. Lídia, mlongo wake wa Caetano, anali atagwira m'chiuno.

"Alamu, bwerani mudzaone nzeru za mnzanuyu," anatero Lídia. "Akuti njuchi zikazizidwa siziluma. Walowa ndi muuni kumene zinamanga, kunsi kwa sikada yokwerera m'mwamba, pamene pali udzu paja."

"Ndimati ndingozifukiza," anatero Caetano.

"Wazifukizadi. Ndi amayi omwe."

"Ali m'mwamba?" anafunsa Gervásio.

"Ali m'mwamba. Sikada yapsa, palibe potsikira."

"Makwerero oyimika aja?"

"Anali kunsi kwa sikada komweko."

"Gazolina wa motobomba?"

"Ndatulutsa," anatero Caetano, ngati mwana amene wapeza funso limodzi lomwe akulidziwa.

Cristina anathira madzi ake pakhomo. Moto unangoti fwaa n'kupitiriza zake. Kunalibe wina woti amuitane. Mudzi wonse unali kumaliro kutsidya kwa mtsinje. Cristina anali atakuwa mpaka mawu kusasa, koma nkhungu inkameza chilichonse, ndipo utsi wa nyumba yonse sukanaoneka ngakhale kwa munthu woima pachulu chapafupi. Telefoni ya Caetano inali m'thumba la jekete, jeketelo litapachikidwa m'kati.

Gervásio anazungulira kuseri. Enawo anamutsatira.

Khoma lakuseri linalibe zenera pansi. Linali ndi khomo limodzi m'mwamba, lopanda masitepe, lotulukira pamalere. Pa khomo limeneli ndi pamene ankaponyera matumba a kachewere nthawi yobzala. Kachewere wa mbewu safuna kugunda pansi, akasupuka amawola, choncho Gervásio analuka ukonde wa khonje wolandirira matumbawo. Unali waukulu ngati mphasa zinayi zolumikiza, wa mfundo zonenepa, ndi zogwirira m'ngodya zonse. Ntchito yake inkayenda ndi liwu. Woponya amati "landirani" thumba likamachoka m'manja. Apansi anayi amakweza ukonde nthawi imodzi, ndipo thumba likaukhudza amatsika nalo popinda mawondo, kuti lifike ngati khanda loikidwa pamphasa. Mmodzi akachedwa, thumba limapendekera kwa iyeyo n'kukagwa pansi.

Ukondewo unali pa mtengo wa pichesi, utanyowa ndi mame. Anaufunyulula. Aliyense anagwira ngodya yake. Njuchi zoledzera ndi utsi zinkagwera m'maso mwa ukonde, imodziimodzi, mopanda phokoso.

"Amayi, tsegulani khomo la matumba," anaitana Lídia.

Chitseko chinalira n'kutseguka. Utsi unayamba kutuluka kumtunda kwa khomo, woyera, wosafulumira. Kunsi kwa utsiwo kunaoneka mapazi awiri, nsalu yobiriwira, ndi dzanja logwira mphuthu. A Nankhoma anawerama n'kusuzumira pansi. Anaona Caetano. Anaona Cristina. Anaona Lídia. Atafika pangodya yachinayi anaphimba nkhope ndi nsalu n'kubwerera m'kati mwa utsi.

"Amayi, mukupita kuti?" anafunsa Lídia.

"Lídia," anatero mawu m'kati, "ndani waima kumanzereko?"

"Mukuwadziwa."

"Auze apatuke."

Gervásio anali asanayang'anizanepo ndi apongozi ake. Nkhope yawo ankaidziwa monga munthu amadziwira mudzi wakutsidya, chapatali, cham'mbali. Iye kwawo kunali ku Chidzolomondo. Anakumana ndi Helena, mwana woyamba wa a Nankhoma, nthawi ya nkhondo onse atathawira ku Malawi. Kumsasa wa othawa nkhondo malo analibe, ankagona m'chisakasa chimodzi. A Nankhoma anasoka matumba awiri n'kuwapachika pakati, mkamwini uku, apongozi uku. Ankamvana kupuma koma osaonana.

Nkhondo itatha anabwerera onse kumudzi kwa Helena, iye n'kumanga yake kumunsi, pachikamwini. Mabanja ena anathetsa zopewanazi. Ankapha nkhuku, mkamwini ndi apongozi n'kudyera mbale imodzi pamaso pa anthu, kuyambira pamenepo n'kumacheza ngati wina aliyense. A Nankhoma atauzidwa zimenezi anati nkhuku zawo zonse n'zoikira. Gervásio sanafunsenso.

Anali ndi njira zawo. A Nankhoma akamatsikira kuchitsime ankatsokomola akadali patali, iye n'kupatukira m'tchire, kunjuta atafulatira mpaka adutse. Mawu ankadzera mwa Helena. Helena ankawanyamula bwino, ankachotsa minga m'njira. Helena atamwalira, ntchitoyo inagwera mng'ono wake Lídia, amene ankawonjezeramo tsabola. Mwa mwambo Gervásio akanasudzulidwa n'kubwerera ku Chidzolomondo, koma palibe anayambitsa nkhaniyo. Anapitiriza kulima madimba a Helena, kupota khonje, ndi kupatuka akamva chifuwa.

Tsopano anaika ngodya yake m'manja mwa Caetano. Anapita kuseri kwa mtengo wa pichesi n'kuima atayang'ana kuchigwa.

"Apatuka, amayi," anatero Lídia. "Bwerani mudumphe."

"Apita kuti?"

"Ali kupichesi. Akuwerenga nkhungu."

Caetano anagwira ngodya ziwiri atatambasula manja mpaka mapeto. Ukonde unali utakhwepa mbali yake.

"Lídia," anatero Gervásio osatembenuka, "auze ayambe ndi thumba."

"Amayi, alamu akuti simukukhulupirika, muyambe mwaponya thumba."

"Sanatero," anayankha a Nankhoma. "Ndamva ndekha kutalika kwa mawu awo. Iwe umawonjezera."

Kunamveka kukwekwereza pamatabwa. A Nankhoma anakankha ndi mapazi thumba lina losadzaza mpaka pakhomo. Linapendekeka, linaima kaye ngati likuganiza, kenako linagwa. Gervásio anamva khonje likulira, Caetano akubuula, ndi thumba likuti khu pansi. Linaphulika. Kachewere anagubuduka kudutsa pamapazi ake, wamng'ono patsogolo, wamkulu pambuyo, n'kulowa m'nkhungu kutsika mtunda. Anamvekabe akugubuduka kwa nthawi, ngati akupita kukadzibzala yekha kudimba.

"Amenewo mukanakhala inu, amayi," anatero Cristina ndi mawu ake osasa. "Anthu atatu sitingathe."

Kenako pakhomo panatuluka gombeza. Linatambasuka m'malere n'kutsika mopepera, n'kugona pa ukonde.

"Amayi, tikufuna inu, osati katundu."

"Ndikudziwa chimene ndikuchita."

Panatsika gombeza lina. Panatsika lichero, likuzungulira. Panatsika nsapato zakutchalitchi, imodzi kaye, inzake pambuyo pake. Kenako linatuluka thadzi limene a Nankhoma ankalifungatiritsa mudengu pafupi ndi mphasa yawo. Linatambasula mapiko, linadutsa pamwamba pa ukonde, pamwamba pa mitu yawo, osakupiza n'komwe, n'kuzimirira. Silinamveke kutera.

"Nanga mazira?" anafunsa Lídia.

"Adye Caetano. Moto wakoleza kale."

Caetano anali akulira mwakachetechete, misozi ikulemba mizere m'mwaye wa kumaso kwake. "Amayi, matabwa mukupondawo apsa posachedwa. Zamwambozi tidzakonza mawa. Ndidzagula nkhuku ngakhale khola lonse."

"Iwe watentha nyumba. Usandiuze zokonza."

Chinthu chotsatira sichinatsike. Linali deresi loyera limene Helena anavala tsiku lodalitsa ukwati wake atabwerera kwawo. A Nankhoma ankalisunga pansi pa sutikesi. Atangolitaya pakhomo, mpweya wotentha unalitenga. Linafufuma, manja ake n'kutambasuka, n'kukwera pang'ono. Kenako linayandama kudutsa pamwamba pa pichesi. Gervásio analiona likutulukira pamwamba pa mutu wake, likupita kuchigwa mosathamanga, ngati munthu amene wauza kale anthu kumene akupita. Linali loyera, nkhungu inali yoyera. Patapita kanthawi panangotsala nkhungu.

M'kati mwa nyumba china chake chinathyoka n'kugwa, ndipo utsi wa pakhomo unasintha mtundu. Unada, unanenepa, unadzaza khomo lonse. Mapazi aja sanaonekenso. A Nankhoma anayamba kutsokomola.

Cristina anavula duku lake. "Amayi, tiwamange kumaso alamu. Sadzaona chilichonse."

"Maso omanga ndi maso omwewo," anatero mawu mu utsi. "Nkhope ikhala ikuloza kuno. Ine ndiuluke nsalu ili kumutu pamaso pa mwamuna wa mwana wanga?"

"Ikwinyireni pakati pa miyendo ngati mukuwoloka mtsinje," anatero Lídia.

"Ndakwinyira kale. Sindine mwana."

"Nanga tsono?"

"Tsono palibe."

Gervásio anayang'ana manja ake. Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, kenako lina. Anayenda chafutambuyo kuchokera pa pichesi, akupapasa pansi ndi zidendene, kachewere wotayika akuterera kunsi kwa mapazi ake. Kutentha kwa khoma kunayamba kumufika pamsana. Anaima pamene ankaganiza kuti pali ngodya yake, n'kukweza manja onse pamwamba pa phewa lamanja.

"Ndipatse," anatero.

Lídia anamuyang'ana, kenako analanda chogwirira kwa Caetano n'kuchiika m'manja mwake. Gervásio anachikokera paphewa ngati munthu wokoka ngolo imene ng'ombe zake zathawa. Ukonde unakungika.

"Amayi, abwera, koma afulatira," anatero Lídia. "Akukuonetsani nkhongo. Ili ndi dazi, ngati simunkadziwa."

"Afulatiradi?"

"Ndikulumbira pa manda a abambo."

"Usalumbirire abambo ako pa zinthu za utsi." Anatsokomola kwa nthawi. "Cristina, afulatira?"

"Afulatira, amayi."

"Nanga adziwa bwanji kuti ndadumpha?"

Funsolo linali loona. Apansi sankaonanso khomo. Chinthu chinkaoneka chitatuluka kale mu utsi, chitatsala pang'ono kufika. Wodziwa nthawi anali wam'mwamba yekha.

"Munene kuti landirani, monga timachitira ndi matumba," anatero Caetano.

"Ndikatero ndalankhula ndi anthu anayi. Wachinayiyo ndani?"

"Ndiye uzani ine ndekha," anatero Lídia. "Enawa ali ndi makutu."

Anayesa ndi kathumba ka nyemba kamene kanali pafupi ndi khomo. Mu utsi munamveka mawu akuti, "Lídia, landira." Atatu anakweza ukonde. Gervásio anamva bwinobwino. Makutu anamva, koma manja anadikira Lídia, monga ankadikirira zaka zonsezi. Kathumbako kanagwa, kanatsetserekera kungodya yake, chingwe n'kumupulumuka paphewa chikusupula khungu la m'khosi. Nyemba zinamwazika pamiyendo yake.

"Alamu, mwagontha?" anafunsa Lídia.

"Amauza iwe," anatero Gervásio.

Lídia anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Amayi, mwamva? Munthu wanuyu samva mawu a eni ake. Munamuphunzitsa nokha. Awiri inu mukanakwatirana, mukanakhala chaka chonse osapsetsana mtima."

"Tseka pakamwa, chitsiru," anatero a Nankhoma.

"Atsokomole," anatero Caetano. "Paja amatero akamapita kuchitsime. Alamu chifuwa amachimva."

Onse anamvetsera. Kumwamba a Nankhoma ankatsokomola mosalekeza, chifuwa chouma, china pamwamba pa chinzake.

"Chiti mwa zimenezi?" anafunsa Cristina.

Gervásio anawerama, anapapasa kumbuyo mpaka anapeza chogwirira. Anachikulunga kawiri padzanja n'kuchibwezera paphewa, pabala pomwepo. Malaya ake anali atayamba kununkha ngati nsalu yoiwalika pa mbaula.

"Alamu, sunthani pang'ono, khomali lang'aluka," anatero Caetano.

"Lídia," anatero Gervásio, "auze kuti ine ndili pano."

"Basi?"

"Basi."

"Amayi, akuti ali pano." Ulendo uno Lídia sanawonjezere kanthu.

Chifuwa chinaleka. Kunangotsala kulira kwa moto, kofanana ndi mtsinje wodzala womveka kuseri kwa phiri. Lídia anaitana amayi ake kawiri. Caetano anafuna kusiya ngodya yake, koma Cristina anamuuza motsitsa kuti agwire.

Gervásio anali atayang'ana kuchigwa, chifukwa kwina koyang'ana kunalibe. Nkhungu inang'ambika pang'ono patsogolo pake. Anaona nsonga ya phiri itapachikika yokha m'mwamba, yopanda tsinde. Anaona ng'ombe zitatu zikuyenda pamwamba pa zoyerazo, miyendo yake yosaoneka, ngati zikuwoloka madzi a mkaka. Kutsidya kwa mtsinje kunkachokera nyimbo ya maliro. Inkafika zidutswazidutswa, mawu a amayi okha, kenako n'kusowa, kenako n'kubweranso pamalo ena a nyimboyo. Phulusa linkagwa pamikono yake mofewa, ndipo lina linali ndi maonekedwe a udzu umene linachokerako, mpaka atalipumira. Sankadziwa ngati waima pamenepo kanthawi kochepa kapena m'mawa wonse. Msana unkawotcha, kumaso kukuzizira. Zinali ngati anthu awiri alumikizidwa pakati, wina wa pamoto, wina wa pamame.

"Akamwini."

Mawuwo anachokera kumwamba, kumbuyo kwake. Anali aang'ono, okhakhala ndi utsi. Anali atawamva kambirimbiri akupita kwa Helena, kwa Lídia, kwa nkhuku ndi kwa mbuzi. Akabwera molunjika ankamveka mwina. Anamukhudza pankhongo ngati dzanja.

"Wawa," anatero Gervásio.

"Mwagwiritsa?"

"Ndagwiritsa."

"Musatembenuke."

"Sinditembenuka."

Gervásio anakungitsa chingwe paphewa.

"Landirani."

Anakweza. Anamva ngodya zina zitatu zikukwera limodzi ndi yake. Sanaone chilichonse cha zimene enawo anaona. Anangoona nsonga ya phiri ija, ndi mthunzi umene unadutsa mofulumira pankhungu ya patsogolo pake. Kenako chingwe chinaluma phewa. Anapinda mawondo n'kutsika nacho, kutsika, kutsika, mpaka zidendene zinakumba dothi. Kulemera kwake kunali kochepa kuposa kwa thumba. Ukonde unagwedera kawiri n'kukhazikika. Sunakhudze pansi.

"Amayi, muli moyo?" anafunsa Caetano.

"Ukufunsa ndani, mtembo?" anatero a Nankhoma. Anatsokomola. "Phazi ili lapindika. Lídia, konza nsaluyi."

"Duku lanu likufuka."

"Ndiye lizimitse, ukundiuziranji?"

Gervásio anamva Lídia akuphapha ndi dzanja limodzi. M'mwamba malata anayamba kulira, akudzikoka pamisomali. Zidutswa za moto zinkagwa pafupi ndi khoma n'kumazima m'mame.

"Tichokepo apa," anatero Cristina. "Tiwatsitse, wina awabereke."

"Sindiponda pansi ndi phazi ili, ndipo sindiberekedwa ndi wotentha nyumba."

"Tiwanyamule momwemu," anatero Lídia. "Alamu, inu mwayang'ana kale koyenera. Tiyeni."

Gervásio anayamba kuyenda. Chingwe chinali paphewa, nkhope kuchigwa. Enawo anatsatira ndi ngodya zawo, a Nankhoma atakhala pakati pa ukonde, pamwamba pa magombeza awo. Anadutsa pichesi. Anayamba kutsika mtunda, akuterera pa nyemba ndi kachewere. Kumbuyo denga linagwera m'kati ndi phokoso lalitali, ndipo nkhungu yowazungulira inafiira n'kuyeranso. Atatu anacheuka. Iye sanacheuke.

Njira inali yotsetsereka, ukonde unkagwedezeka.

"Pang'onopang'ono kutsogoloko," anatero a Nankhoma.

"Ndiwauze?" anafunsa Lídia.

"Amva."

Gervásio anafupikitsa mapazi.